Kumemeza

Kumemeza (mneni) ndi kufuulira anthu poyera kuti adzuke ndi kuchitapo kanthu pa nkhani inayake. Tsinde lake ndi kumema, kuitana anthu kuti asonkhane, monga mwini munda ankamemera anansi ku dima. Kusiyana kwake ndi kulengeza kwagona pa zimene wolankhula akufuna kwa omvera. Bungwe la Tobacco Commission likanena tsiku lotsegulira msika wa Chinkhoma ku Kasungu, langolengeza. Koma alimi akaona mabelo awo akubwezedwa, wina n'kuima pakati pawo kuwauza kuti asagulitse fodya pa mtengo wolira, ameneyo akumemeza. Kumasiyananso ndi kuchemerera: wochemerera amangokuza chimene chayamba kale, pamene womemeza amafuna kuti chiyambe.

Ena amati mneniyu ndi woipa, popeza m'nyuzipepala amayenda limodzi ndi ziwawa kapena zionetsero. Koma fungo limenelo limachokera ku mawu otsagana nawo. Mabungwe a ogwira ntchito amene anamemeza anthu zothetsa utenanti m'maesiteti a fodya, mpaka lamulo la 2021 linauletsa, sankayambitsa chipolowe, ndipo mafumu omemeza makolo kuti ana achoke m'zigafa apite kusukulu amayamikiridwa. Ngakhale pa riferendamu ya pa 14 June 1993 mbali zonse ziwiri zinkamemeza, a nyali (ofuna zipani zambiri) ndi a tambala wakuda (ofuna chipani chimodzi) omwe. Chimene mneniyu salola ndi kunong'ona: woyenda khomo ndi khomo usiku akunyengerera kapena kukopa.