Mawu Akafika Pamwamba pa Madzi

Munthu wosambira pansi pa madzi samva bwino kufuula kwa anzake amene ali m'bwato. Madzi ndi olemera kwambiri kuposa mpweya, motero mawu akagunda pamwamba pake pafupifupi onse amabwerera. Mwa magawo 1,000 a mphamvu yawo, limalowa ndi limodzi lokha.

Akale anayamba ndi kutchera khutu m'madzi momwemo. Cha m'ma 1490, Leonardo da Vinci analemba zoti munthu akaviika chubu m'nyanja amamva zombo zakutali. Mu 1826, Daniel Colladon ndi Charles Sturm analiza belu pansi pa nyanja ya Geneva, napeza kuti mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,435 pa sekondi, kuwirikiza kanayi liwiro lawo la mumpweya. Kusiyana kumeneku kumakhotetsa njira ya mawu, mwakuti amene amaloledwa kulowa ndi okhawo otsika molunjika, osapendekera kupitirira madigiri 13.

Koma masamu amenewa ankanena za madzi abata, pomwe nyanja sikhalitsa bata. Apa mpamene ntchito ya Lord Rayleigh imandigwira mtima. Iye anasonyeza kuti kusalala kwa malo kumadalira mawu amene akugundapo: timafunde tomwe sitisokoneza mawu a besi timamwaza mawu opyapyala mbali zonse. Mu 1953, Carl Eckart anawerengera mmene nyanja yowinduka imamwazira mawu, ndipo mu 1972 Robert Urick anafotokoza mmene phokoso la ndege limamvekera ku chida chomvetsera pansi pa madzi. Zinadziwika kuti mafunde samangowononga ayi. Funde likapendeka limatsegulira njira mawu amene madzi abata akanawabweza.

Mu 2006, Oleg Godin anaonetsa kuti mawu a besi kwambiri, akachokera m'madzi pafupi zedi ndi pamwamba pake, amatulukira mumpweya mosavuta. Kenaka mu 2018 akatswiri a ku MIT, ku America, anayesa njira ina yotumizira uthenga kuchokera m'madzi kupita mumpweya. Chida cha pansi pa madzi chinkanjenjemeretsa pamwamba pake pang'ono zedi, ndipo radar ya mumpweya inkawerenga uthengawo. Ndi nzeru yoyenera kuitama, koma siinakhwime: mafunde akapitirira masentimita 16, uthenga sunkamvekanso.