Royal Enfield: Njinga ya ku England Imene Inakapulumukira ku India

Kampani ya njinga zamoto ya Royal Enfield inayamba ndi masingano osokera. Mu 1851 George Townsend anatsegula fakitale ya masingano pafupi ndi tauni ya Redditch ku England, ndipo patapita zaka mwana wake anawonjezerapo njinga zakapalasa. Ndalama zitavuta, bizinesiyo inalowa m'manja mwa Albert Eadie ndi R. W. Smith. Awiriwa anapeza ntchito yosula tizitsulo ta mfuti za boma zimene zinkapangidwa ku Enfield, ndipo dzina la kampani linachokera komweko. Chizindikiro chawonso chinakhala mzinga wankhondo.

Njinga yamoto yoyamba inatuluka mu 1901, ndipo Bullet, imene inadzatchuka koposa zonse, inabwera mu 1932. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga kanjinga kopepuka kotchedwa Flying Flea, kamene asilikali ankakaponya pa ndege ndi parachuti.

Zinthu zinatembenuka m'ma 1950. Boma la India linkafuna njinga yolimba yolondera m'malire, ndipo linaitanitsa ma Bullet a injini ya 350cc. Mu 1955 eni ake ku Redditch anagwirizana ndi kampani ya Madras Motors n'kukhazikitsa Enfield India mumzinda wa Madras, umene lero ndi Chennai. Poyamba Amwenye ankangolumikiza zitsulo zochokera ku England. Kenako anagula makina omwe, ndipo pofika 1962 njinga yonse inkapangidwa kwawoko.

Chaka chomwecho kampani ya ku England inagulitsidwa kwa E & HP Smith, anthu amene mtima wawo sunali pa njinga. Nthawi imeneyo Ajapani anali atafika ndi Honda, Yamaha ndi Suzuki: njinga zosadontha oyilo, zina zolira pongodina batani, pamene Bullet imafuna mwendo wamphamvu ndi kupirira. Fakitale ya ku Redditch inatsekedwa mu 1967, ina ya ku Bradford-on-Avon mu 1970, kampaniyo n'kutha ngati makatani.

Ku Madras ntchito sinaime. Boma la India linkatchinga katundu wakunja ndi misonkho yokwera, choncho Bullet inalibe wopikisana naye weniweni. Apolisi, asilikali ndi alimi opeza bwino ankaigula, ndipo makaniko aliyense wapamsewu ankaidziwa mkati ndi kunja. Kwa zaka pafupifupi 40 inatuluka monga inalili m'ma 1950, giya ku phazi lamanja, buleki kumanzere. Ena amatamanda Amwenye kuti anasunga mwambo. Ine ndikuona kuti panalibe chowakakamiza kusintha, ndipo tulo timeneti tinatsala pang'ono kuipha kampaniyo pamene kampani ya Hero Honda inadzaza misewu ndi tinjinga tosamwa mafuta m'ma 1980.

Gulu la Eicher, lodziwika nthawi imeneyo ndi mathirakitala ndi malole, linagula Enfield India mu 1994, koma zinthu sizinasinthe msanga. Pofika 2000 ankagulitsa njinga pafupifupi 2,000 zokha pamwezi, ndipo akuluakulu ankakambirana zoigulitsa kapena kuitseka. Siddhartha Lal, mwana wa m'banja la eni Eicher, ali ndi zaka 26, anapempha kuti amusiyire. Nzeru zake zinali kudziwa chosintha ndi chosiya. Giya anaisamutsira kumanzere ngati njinga zina zonse, injini yakale yachitsulo cholemera anaichotsa n'kuikamo ya aluminiyamu yophatikizana ndi giyabokosi, koma maonekedwe akale ndi kulira kwake kwa gu-gu-gu anayesetsa kuzisunga. Okonda Bullet anang'ung'udza ndithu kuti yatsopanoyo sigunda ngati yakale. Ogula sanawamvere: Classic, imene inatuluka mu 2009, inafunidwa kwambiri moti anthu ankadikira miyezi ingapo. Lal anali atagulitsa kale bizinesi ya mathirakitala mu 2005 kuti mphamvu zipite ku njinga ndi malole.

Mu 2015 kampani ya ku Indiayi, imene tsopano imatchedwa Royal Enfield, inagula Harris Performance, kampani ya ku England yopanga mafelemu a njinga zampikisano, kenako inatsegula malo okonzera mapulani a njinga zatsopano ku Bruntingthorpe m'chigawo cha Leicestershire. Mainjiniya a ku England tsopano amalandira malipiro kuchokera ku India. Njinga za masilinda awiri za 650cc, Interceptor ndi Continental GT, zinatuluka mu 2018 n'kuyenda malonda ku Ulaya komwe. M'chaka cha malonda chimene chinatha mu Malichi 2025, kampaniyi inagulitsa njinga zopitirira 1 miliyoni.