Ampulifaya Yopanga Pakhomo

Ampulifaya ndi chipangizo chokuza mawu ochokera mu foni kapena wailesi kuti sipika iwatulutse mwamphamvu. Ku Milange, tauni ya m'malire yoyang'anana ndi Muloza wa ku Mulanje, woyamba kumene angachite bwino kuyambira pa chip imodzi, monga TDA2030 kapena LM3886, asanalimbane ndi mathiranzisita a Toshiba 2SC5200 ndi 2SA1943 omwe amagwira ntchito awiriawiri.

Ubwino wa mawu umachokera kwambiri ku mphamvu ya magetsi. Magetsi a kampani ya EDM ya kumeneko ndi a 220V, choncho pamafunika thiransifoma yowatsitsa, madayodi owawongola, ndi makapasita akuluakulu ochotsa kulira kwa "mmm". Apa pasaumiridwe ndalama. Kumidzi kodalira sola ndi batire ya 12V, bolodi ya Class D, monga TPA3116, ndiyo yoyenera chifukwa sidya moto wambiri.

Chip imangiriridwe pa chitsulo cha aluminiyamu choziziritsa, apo ayi ipsa. Poyesa koyamba, lumikizani babu pa waya wamoto kuti cholakwika chisawotche zida. Kapasita imasunga moto ngakhale mutazimitsa, musaigwire msanga.