Tirigu ndi Golide: Mbiri ya Chuma cha Dziko la India

Dziko la India, kwawo kwa Amwenye, lidalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1947. Pamene Boma lidawerenga anthu mu 1951, lidapeza kuti alipo 361 miliyoni, ndipo mwa anthu asanu aliwonse, anayi sadali kudziwa kuwerenga. Ambiri adali alimi a timinda tating'ono, oyang'anira mvula basi.

Nduna Yaikulu yoyamba, Jawaharlal Nehru, adakhulupirira kuti Boma ndilo liyenera kutsogolera chuma. Kuyambira 1951 ntchito zidayamba kukonzedwa m'zigawo za zaka zisanu zisanu. Adamanga damu lalikulu la Bhakra ndi nyumba zosungunulira chitsulo monga ya ku Bhilai. Koma munthu wofuna kumanga fakitale, kapena kuikuza, kapena kuitanitsa makina kunja, adayenera kuyamba wapempha chilolezo ku Boma, ndipo katundu wa maiko ena adamuikira msonkho waukulu. Mantha amenewa sadali achabe. Amwenye adali kukumbukira kuti Angerezi adafika kwawo ngati amalonda a East India Company, nadzatsiriza ali olamulira. Komabe mpanda umene udatsekereza mlendo udapanikizanso mwini munda. Kwa zaka 30 chuma chidakula pang'onopang'ono, monga magawo atatu ndi theka pa 100 chaka chilichonse, pamene anthu nawonso adali kuchuluka. Wofuna telefoni m'nyumba mwake adali kudikira zaka.

Manyazi oyamba adadza ndi chilala cha 1965 ndi 1966. Nkhokwe zidauma, ndipo m'chaka cha 1966 chokha India adalandira matani a chakudya okwana ngati 10 miliyoni, chambiri chochokera ku America. (Tani imodzi ndiyo matumba 20 a makilogalamu 50.) Pulezidenti wa America, Lyndon Johnson, sadafune kutumiza chakudyacho nthawi imodzi, adali kulola pang'onopang'ono, kotero kuti dziko la anthu ochuluka chotere lidali kudya likuyang'ana ku doko. Atsogoleri a India chidawawawa chinthu chimenechi. M'chaka chomwecho adagula ku Mexico matani 18,000 a mbewu ya tirigu wamfupi, wobereka kwambiri, amene Norman Borlaug ndi anzake adakonza. Katswiri wa kwawo komweko, M. S. Swaminathan, adathandiza kuifalitsa. Alimi a ku Punjab, kumene kudali ngalande zothirira, adaibzala ndi feteleza, ndipo Boma lidalonjeza kugula zokolola pa mtengo wodziwikiratu. Mu 1968 tirigu adachuluka mwakuti m'malo ena adatseka sukulu kuti amusunge m'makalasi.

Manyazi achiwiri adadza mu 1991, ndipo ndiwo adatembenuza zinthu kotheratu. Boma lidali litakongola ndalama zambiri. Nkhondo ya ku Kuwait ya 1990 idakweza mtengo wa mafuta, ndipo Amwenye ambiri ogwira ntchito kumeneko, amene adali kutumiza ndalama kwawo, adabwerera chimanjamanja. Ndalama zakunja zidatsala zongokwanira kugula katundu wa masabata owerengeka. Tsono Boma lidachita chimene banja la ku India limachita pokhapokha zitafika povuta: lidapereka golide wake chikole. Matani 20 adapita ku Switzerland, ndipo ena 47 adakwezedwa m'ndege kupita ku Bank of England. Kumeneko mkazi amasunga zibangili zake zagolide monga chuma chotsiriza cha pakhomo, nchifukwa chake ngakhale anthu osadziwa za mabanki adamva msanga tanthauzo la ulendo wa ndegezo.

Nduna Yaikulu yatsopano, P. V. Narasimha Rao, idasankha Manmohan Singh kukhala Nduna ya Zachuma. M'mwezi wa Julaye 1991 adatsitsa mphamvu ya ndalama yawo, rupee, nathetsa zilolezo za mafakitale ambiri. Pambuyo pake adachepetsa msonkho wa katundu wakunja, nalola alendo kuika chuma chawo m'dzikomo. Ambiri adadandaula kuti dziko lagulitsidwa. Koma malonda adatseguka. Mzinda wa Bangalore udatchuka ndi anyamata ndi atsikana olemba malangizo oyendetsera makompyuta, ogwirira ntchito makampani a ku America ndi ku Ulaya ali kwawo. Mafakitale a mankhwala adayamba kutumiza mankhwala otsika mtengo ku maiko ambiri, ndi a mu Afirika omwe. Pakati pa 2003 ndi 2008 chuma chidali kukula monga magawo 8 pa 100 pachaka, ndipo chuma chokula motero chimawirikiza kawiri m'zaka zisanu ndi zinayi zokha. Mliri wa Covid udachibweza m'mbuyo mu 2020, koma chidadzukanso, ndipo mu 2022 chidaposa cha Britain, dziko limene lidali kuwalamulira.

Msika waukulu chotere ukagwedezeka, ndi akutali omwe amamva. India amagula nandolo wambiri ku Malawi ndi ku Mozambique. Mu 2017 alimi a ku India adakolola nandolo wochuluka, Boma lawo lidachepetsa wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo wake udagwa m'misika ya ku Mulanje ndi ku Zomba.

Za m'tsogolo zagona pa nkhani ya ntchito. Mu 2023 India adaposa China pa kuchuluka kwa anthu, pokwana 1,400 miliyoni ndi kupitirira, ndipo theka la iwo adali asanafike zaka 30. Ntchito za makompyuta zimalipira bwino, koma zimalemba ophunzira kwambiri okha. China adachotsa anthu ake m'minda powalowetsa m'mafakitale osoka zovala ndi opanga zipangizo. India sadathe kuchita zimenezi pa muyeso womwewo, kotero kuti pafupifupi theka la antchito ake akali m'minda imene imapereka gawo losakwana limodzi mwa asanu la chuma chonse. Ku Punjab, kumene tirigu adapulumutsa dziko, madzi a pansi pa nthaka akutsika chifukwa cha kuthirira kosalekeza. Ndipo mu 2023 Boma lidalengeza kuti lipitiriza kwa zaka zisanu kupereka tirigu ndi mpunga waulere kwa anthu 800 miliyoni. Chakudyacho tsopano nchawo, sichibweranso pa sitima, koma kuchuluka kwa ochilandira kukuonetsa kumene chuma sichinafike.

Kunena za golide uja, ngongole idabwezedwa ndipo chikole chidawomboledwa. Mu 2009 banki yaikulu ya India idagula matani ena 200 kwa bungwe la IMF. Mu 2024 idatenga matani 100 mwa golide amene idali kusungitsa ku England, niwabweretsa kwawo pa ndege.