Thobwa, Khofi ndi Tiyi pa Chigono: Zakumwa za Apaulendo ku Macanga ndi Tsangano

Njira zapansi zochokera ku Tete kulowera kumpoto ndi zachikweza kuyambira pa mtsinje wa Zambezi mpaka kumtunda kwa Macanga ndi Tsangano. Tawuni ya Tete ili m'chigwa chotentha, mamita osakwana 200 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe midzi yambiri ya ku Tsangano ili pamwamba kupitirira mamita 1,500, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimawaula mbewu za kudimba. Galimoto zisanabwere, ulendo wa pakati pa malo awiriwa unkadya masiku angapo. Tsiku lililonse linkathera pa chigono, pafupi ndi madzi, pomwe apaulendo ankatula mitolo, kumanga msasa wa masamba, kutola miyala itatu ya mafuwa ndi kusonkha moto. Chimene ankatereka pa mafuwawo chasintha kangapo m'zaka 200 zapitazi, ndipo khofi, ngakhale anafika msanga m'njirazi, ndiye anachedwa kwambiri kufika pakamwa pa munthu wamba.

Achewa a m'derali, omwe kale ankalamulidwa ndi Undi wa ku Mano pafupi ndi mtsinje wa Kapoche, sankadziwa zomwa madzi otentha pa ulendo. Moto unali wophikira nsima, wowotchera mbatata ndi nyama, wowotha ndiponso woopsezera afisi ndi mikango. Ankaupeka ndi timitengo tiwiri, kapena kuupala m'mudzi wapafupi n'kuunyamula pa chikuni. Kamba wa paulendo ankakonzedwa ndi amayi usiku woti mawa ndi ulendo: chimanga chokazinga, mtedza, ufa m'kathumba ka chikopa, ndi thobwa m'chipanda. Kaphikidwe ka thobwa sikanasinthe kwenikweni. Amaphika phala, likapola pang'ono n'kuthiramo chimera cha mawere, cha mapira kapena cha chimanga, kulisiya ligone, m'mawa n'kuliwiritsanso. Chimeracho chimasungunula phala ndi kulitsekemeretsa, choncho munthu akamwa amapha ludzu ndi njala nthawi imodzi, osatula mtolo n'komwe. Vuto lake ndi lakuti limalemera, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu limasasa n'kuyamba kulowera ku mowa. Thobwa likatha, wapaulendo ankadalira midzi ya m'njira, poti mlendo ndi mame, ndipo kumumana chikho cha thobwa chinali chamanyazi. Otsikira kuchigwa ankaviika malambe kapena bwemba m'madzi kuti apeze chakumwa chowawasa chodula ludzu.

Khofi anabwera m'bokosi la mwini ulendo. Cha m'ma 1760, Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, anayamba kukumba golide kumpoto kwa Zambezi, ndipo mwana wake Manuel anakafika kwa mfumu Kazembe mu 1796. Francisco de Lacerda anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1798 n'kukafera kwa Kazembe chaka chomwecho, ndipo mu 1831 José Monteiro ndi António Gamitto ananyamuka ku Tete kutsata njira yomweyo. Adzukulu a Pereira ndiwo anadzakhazikitsa ufumu wa Macanga cha m'ma 1840, ufumu womwe unali waukulu kuposa boma la lero ndipo unagwa mu 1902 Apwitikizi atagonjetsa mfumu yake Chinsinga. Maulendo a nthawi imeneyo ankatenga anthu mazanamazana: Achikunda a mfuti, akapitawo, onyamula machila, ndi amtengatenga osenza nsalu, mikanda ndi minyanga ya njovu, aliyense mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 pa nkhata. Pakati pa mitolo imeneyi pankakhala umodzi wa kukhitchini kwa bwana, ndipo wousenza sankalawa za m'katimo.

Umboni womveka wa kuchuluka kwa khofi amene mzungu ankatenga uli m'buku la David Livingstone la mu 1857. Ponyamuka ku Linyanti mu Novembala 1853, anatenga mabisiketi pang'ono, tiyi ndi shuga pang'ono, koma khofi wokwana mapaundi 20, omwe ndi makilogalamu 9, ndipo ankamwa ngakhale wopanda mkaka ndi shuga. Anafika ku Tete mu Malichi 1856. Iye sanadzere ku Macanga pa ulendowo, koma amalonda ndi alenje amene anayenda kumpoto kwa Tete pambuyo pake, monga Carl Wiese ndi Édouard Foà, anali a mwambo womwewo wa hema, wophika ndi ketulo.

Kuphika khofi pa msasa m'zaka zimenezo inali ntchito ya munthu wapadera. Njere zosakazinga zimasungika miyezi yambiri, pomwe zokazinga zimatha fungo msanga, choncho wophika ankakazinga tsiku ndi tsiku. Ankaika chiwaya pa makala, osati pa lawi, n'kumatakasa mosalekeza mpaka njere zithetheke ndi kuda mofiirira. Akangotembenuka kukasonkheza moto, mbali ina yapserera ndipo khofi yense wawawa utsi. Kenaka ankasinja mu kamtondo, kapena kukulunga m'nsalu n'kuphwanya ndi mwala. Ufawo ankauthira m'madzi owira, kuphula usanasefukire, n'kuwazamo madzi ozizira pang'ono kuti nsenga zidikhe pansi, ndiye n'kutsanula mosamala. Zonsezi zinkafuna chiwaya, ketulo, kapu, nthawi, ndi munthu amene sanasenze mtolo wolemera tsiku lonse. Wamtengatenga analibe ngakhale chimodzi mwa izi. Komanso chakumwa chowawa chosakhutitsa chinalibe phindu kwa munthu amene mawa ayenda makilomita 25 atasenza. Iye anafuna thobwa.

Sikuti khofi anali wachilendo m'dziko la Mozambique. M'mbali mwa nyanja yamchere mumamera mitundu yake yachilengedwe, wa ku Inhambane ndi wa pa chilumba cha Ibo, koma sanali wa kumtunda kuno. Kutsidya kwa malire, Jonathan Duncan anabweretsa mbande ya khofi kuchokera ku Edinburgh kupita ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo John Buchanan ndi anzake anadzala minda ku Zomba ndi ku Blantyre. Malondawo anafika pachimake mu 1900, kenaka anagwa chifukwa cha tizilombo, nthaka yoguga ndi khofi wa ku Brazil amene anagwetsa mitengo. Khofi yenseyo anali wotumiza kunja. Amene ankathyola, kuphatikizapo Angoni otsika kuchokera kumapiri a Kirk, ankalandira nsalu ndi ndalama ya msonkho, osati kapu.

Chimene chinasintha chigono cha munthu wamba ndi ulendo wokafuna ntchito. Angoni a Maseko anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linadula dziko lawo pawiri potsata msana wa mapiri, mbali ina Nyasaland, ina Angónia, yomwe panthawiyo inkaphatikiza Tsangano. Msonkho ndi chibalo zinatulutsa amuna m'midzi. Ena anatengedwa kukadula nzimbe m'minda ya John Peter Hornung kumunsi kwa Zambezi, yomwe mu 1920 inakhala Sena Sugar Estates. Ambiri anasankha kuthawira ku Southern Rhodesia, komwe malipiro anali abwinoko, ndipo mu 1913 maboma awiriwo anagwirizana zolola kulemba anthu a ku Tete ntchito za m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko. Njira zochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu zinkadutsanso m'dera lomweli, motero amuna a mbali zonse ziwiri za malire ankakumana pa zigono zimodzimodzi. Ulendo wa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, unali wa makilomita oposa 500: kutsika mapiri, kuwoloka Zambezi pa bwato kapena pa pantoni poti mlatho wa ku Tete unadzamangidwa m'ma 1970, kenaka kudutsa tchire louma mpaka ku Mutoko. Ankayenda m'magulu poopa zilombo, achifwamba ndi asipayi, apolisi a Apwitikizi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole aulere, pamodzi ndi malo ogona ndi olandirira ufa m'njira, ndipo anthu ankangoti ayenda pa Ulere.

Popita, kamba anali uja wa makolo. Pobwerera, mtolo unali wina: bulangeti, jekete, machesi, chitini chomangirira waya ngati chogwirira, kapu ya chitsulo, shuga ndi masamba a tiyi. Tiyi anapambana khofi pa zifukwa zooneka. Masamba safuna kukazinga kapena kusinja, katsina kamodzi kamakwanira chitini chonse, ndipo akhoza kuwiritsidwa kawiri. Ankalimidwanso pafupi: ku Mulanje kuyambira 1891, ku Thyolo kuyambira 1908, kenaka ku Milange ndi ku Gurué mbali ya Apwitikizi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 eni minda, atasowa msika kunja, anayamba kulimbikitsa anthu akuda kumwa tiyi. Koma chachikulu chinali shuga. Tiyi wothira masipuni atatu kapena anayi amapereka mphamvu monga linkachitira thobwa, popanda kulemera kwa chipanda, ndipo pa chisanu cha ku Tsangano amafunditsa m'mimba. Kaphikidwe ka pa chigono kanali kachidule: madzi, masamba ndi shuga zonse m'chitini chimodzi pa mafuwa, kuwiritsa mpaka zifiire, kuphula ndi kamtengo kolowetsa pa waya, ndipo kapu imodzi n'kumazungulira gulu lonse kuyambira kwa wamkulu. Chitini chodetsedwa ndi mwaye chinasanduka chizindikiro cha munthu woyenda, monganso njinga ndi sutikesi.

Thobwa silinathe ayi. M'makomponi a ku Rhodesia ndi ku Joni amunawo anapeza mahewu, mbale wake wa thobwa wophikidwa ndi ufa wa chimanga, ndipo kumudzi thobwa linapitirira kukhala chakumwa cha kumunda, cha pa ukwati ndi cha pa maliro. Tiyi anangolanda malo a ulendo wautali, womwe chipanda sichikanafika.

Nkhondo ziwiri zinabwezera anthu m'njira zapansi, koma popanda ufulu wosonkha moto. FRELIMO inatsegulanso nkhondo ku Tete mu Malichi 1968, ndipo Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda. Amene anatsala kutchire, pamodzi ndi onyamula chakudya ndi zida za ankhondo, ankaphika usiku kapena m'mapanga chifukwa utsi wa masana unkaitana ndege. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, nkhondo ya RENAMO inafika kumtundaku m'zaka za m'ma 1980, masitolo anatsekedwa, shuga ndi masamba zinasowa, ndipo kuyambira 1986 anthu anakhamukira ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Mwanza. Malawi anasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Obwerera anabwera ndi chizolowezi cha tiyirumu ndi sikono za ku Malawi, ndipo mpaka pano tiyi ndi shuga zambiri za m'misika ya m'malire, monga Lizulu ndi Tsangano Turn-off, zimagulidwa ndi makwacha.

Khofi anafika kwa wapaulendo wamba pokhapokha ntchito yonse ya wophika uja itachitikira ku fakitale. Nestlé inatulutsa Nescafé mu 1938, ndipo kum'mwera kwa Africa kunafala khofi wa ufa wosakaniza ndi mizu ya chicory, monga Ricoffy ndi Frisco, yemwe ndi wotsika mtengo ndiponso wosawawa kwambiri. Obwera ku Joni ndi ku Zimbabwe ankabwera nawo m'zitini, ndipo chitini chikatha chinkasungira mchere kapena mbewu. Lero timapaketi ta kapu imodzi timapezeka m'magolosale a ku Furancungo ndi ku Ntengo-wa-Mbalame. Khofi wotereyu safuna luso lililonse: madzi akawira, supuni imodzi ndi shuga, basi. Kwa odziwa khofi weniweni ndi wachabechabe, koma ndi yekhayo amene anakwanira m'thumba la munthu woyenda ndi katundu wake yemwe.

Ogona panjira masiku ano ndi ena. Ndi alimi opalasa njinga zosenza matumba a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tirigu kupita kumsika wa m'malire, madalaivala a malole onyamula fodya wa ku Macanga kupita ku fakitale ya ku Tete akatitimira m'matope a dzinja, ogula mbewu ogona pa sikelo, ndi okumba golide m'makwawa. Ambiri amanyamula fulasiki yodzazidwa kunyumba kapena kuima pa tiyirumu, ndipo oyenda pa lole amatenga mbaula ndi makala chifukwa nkhuni zatha m'mbali mwa misewu, makamaka kumene kuli zigafa za fodya ndi ootcha makala. Chimene sichinasinthe ndi kukwera kwa dziko. Pa mamita 1,500 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100 ngati ku Tete. Kutentha kumeneku n'koyenera khofi wosinja, amene amawawa akapsa ndi madzi otenthetsa, koma n'kochepa kwa tiyi wakuda, ndipo n'chifukwa china chimene anthu a kumtunda amawiritsira masamba m'poto momwemo kwa mphindi zingapo m'malo mongothira madzi pa masamba m'kapu.