Linga Limene Linamangidwa M'masiku 52

Lero tibwerere ku Yerusalemu wakale, tikaone m'mene anthu osauka ndi otopa anamangira m'masiku 52 linga limene linakhala logumuka zaka pafupifupi 140.

M'caka ca 586 Kristu asanabadwe, ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, anagumula linga la Yerusalemu, natentha kacisi, natenga anthu ambiri ukapolo. Aperisiya atagonjetsa Babulo, mfumu Koresi inalola Ayuda kubwerera kwao m'caka ca 538. Kacisi anamangidwanso, koma linga linakhalabe cigwere, zipata zake zili zopserera. Masiku amenewo mzinda wopanda linga unali ngati khola lopanda citseko, m'mene fisi amalowa nthawi iliyonse. Ana anabadwira pakati pa miyala yogumukayo mpaka anaizolowera.

Amene sanazolowere anali munthu wokhala kutali, ku Susani, likulu lina la Perisiya. Dzina lake ndi Nehemiya, woperekera cikho kwa mfumu Aritasasta. Mbale wake Hanani atamuuza za tsoka la mzindawo, iye analira, nasala kudya, napemphera. Panapita miyezi inai asanalankhule ndi mfumu. Tsiku limene analankhula, m'caka ca 445, anali atadziwa kale zofunika. Anapempha cilolezo ca ulendo, makalata opita kwa abwanamkubwa a m'njira, ndi kalata ya kwa Asafu, wosunga nkhalango ya mfumu, kuti apatsidwe mitengo ya zipata.

Atafika ku Yerusalemu anakhala masiku atatu osaulula cimene anadzera. Usiku anatuluka ndi anthu owerengeka kukayendera linga, mpaka anafika pamalo pamene nyama imene anakwera inalephera kupita. Ataona zonse ndi maso ake, m'pamene anasonkhanitsa ansembe, akuluakulu ndi anthu onse. Sanawadzudzule. Analankhula ngati mmodzi wa iwo, kuti manyaziwo ndi ao onse pamodzi, ndipo anthu anavomera kumanga.

Mutu 3 wa buku la Nehemiya ndi mndandanda wa maina, ndipo ambiri a ife timaudumpha powerenga. Koma m'menemo ndi m'mene tionera nzeru yake. Eliyasibu, mkulu wa ansembe, anayamba pa Cipata ca Nkhosa. Osula golide ndi opanga zonunkhira anagwira miyala. Salumu anamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Ambiri anapatsidwa gawo loyang'anana ndi nyumba zao, pakuti palibe amene amamanga mwaulesi khoma loteteza ana ake. Paja mutu umodzi susenza denga.

Adani sanasowe. Sanibalati, Tobiya ndi Gesemu anayamba ndi kuseka, kenaka anakonza ciwembu. Nehemiya anaika alonda usana ndi usiku, omanga anamangirira malupanga m'ciuno, ndipo woliza lipenga anayenda pafupi naye kuti pakacitika kanthu onse athamangire kumodzi.

Koma cimene cinatsala pang'ono kuimitsa nchito cinacokera m'kati. M'mutu 5 timva kulira kwa amuna ndi akazi ao. Kunali njala. Ena anapinyolitsa minda ndi nyumba kuti apeze cakudya, ena anakongola ndalama za msonkho wa mfumu, ena anafika popereka ana ao ukapolo. Owakongoza anali Ayuda anzao olemera, amene anali nao pa linga lomwelo. Munthu angasenze bwanji mwala mokondwa pamodzi ndi amene wamulanda munda?

Nehemiya sananene kuti tiyambe tatsiriza linga, za ngongole tidzakambe m'mbuyo. Anaitanitsa msonkhano waukulu, nauza olemerawo kuti abweze minda ndi nyumba tsiku lomwelo, nawalumbiritsa pamaso pa ansembe. Anavomera kuti iyenso ndi abale ake anali kukongoza anthu ndalama ndi tirigu, ndipo anati onse aleke kudyerapo phindu. Zaka 12 zimene anakhala bwanamkubwa wa Yuda sanatenge cakudya cimene abwanamkubwa akale anali kulipiritsa anthu, ngakhale kuti patebulo pake panali kudya anthu 150. Linga linatha pa tsiku la 25 la mwezi wa Eluli.

Abale ndi alongo, ifenso tili ndi malinga athu. Tili ndi nyumba za mapemphero zimene zinaima pa mawindo zaka zapitazo, njerwa zikungomera udzu. Tili ndi makomiti amene amakumana koma nchito osaoneka. Timafulumira kunena kuti anthu ndi ouma manja. Tisanatero, ife amene tinapatsidwa udindo tidzifunse. Kodi tinayendera linga ndi maso athu? Kodi aliyense, ngakhale mai wamasiye ndi wacinyamata, adziwa gawo lake? Kodi ndalama za simenti ndi malata timaziwerenga poyera? Kodi pakati pathu palibe amene akulira ndi kaloba wa Mkristu mnzake? Anthu amatsata masomphenya a mtsogoleri akaona kuti iye sakuwadyera masuku pamutu.

Tipemphere. Ambuye Mulungu, tipatseni atsogoleri olira ndi anthu anu, odziwa kukonzekera, ndi a manja oyera. Tionetseni aliyense gawo lake la linga. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.