Zivindikiro zachitsulo pa pickup ya gitala yamagetsi

Pickup ndi kachipangizo kokhala pansi pa nsambo za gitala yamagetsi. Mkati mwake muli maginito ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo masauzande angapo. Nsambo ikanjenjemera, wayayo amatulutsa mphamvu yochepa yamagetsi imene ampulifaya imaisandutsa mawu. Wayayo akaduka pamalo amodzi okha, pickup yonse imaleka kulira. N'chifukwa chake ena amaivindikira ndi chitsulo.

Mbiri yake

Mtundu umene kawirikawiri umavindikiridwa ndi humbucker, wa makoyilo awiri, umene Seth Lover anapanga ku kampani ya Gibson ku America mu 1955. Unayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957, uli ndi chivindikiro. M'zaka za m'ma 1960 oimba ena ku Britain, monga Eric Clapton, ankachotsa zivindikirozo pofuna mawu akuthwa.

Ubwino ndi kuipa kwake

Chivindikiro chimateteza waya ku thukuta, fumbi ndi kugundidwa, komanso chimachepetsa phokoso lochokera ku zipangizo zina zamagetsi. Komabe chimameza pang'ono mawu apamwamba, chifukwa mphamvu ya maginito ikamasintha, m'chitsulomo mumayenda timagetsi tozungulira. Chivindikiro cha brass chimameza kwambiri. Cha nickel silver, chimene ndi msanganizo wa mkuwa, nickel ndi zinki wopanda siliva ngakhale pang'ono, chimameza mochepa, ndipo amisiri ambiri amasankha chimenechi.

Kaikidwe kake

Mmisiri amayamba wayeza mtunda wochokera pakati pa sikuluwu yoyamba kufika pakati pa yachisanu ndi chimodzi, chifukwa mabowo a zivindikiro amasiyana: pali za mamilimita 49.2, 50, 52 ndi 53. Kenako amaika phula pang'ono kapena tepi pamwamba pa koyilo yopanda masikuluwu. Popanda zimenezi pamatsala mpata, chivindikiro chimanjenjemera chokha, ndipo gitala imalira mluzu wosautsa woimba akakweza mawu.

Akalowetsa pickup m'chivindikiro, amazipana mwamphamvu, n'kupala malo awiri m'mphepete mwa kunsi kuti chitsulo chenicheni chioneke. Pamalo awiriwo amawotcherera chivindikiro ku mbale yapansi ndi mtovu. Kuwotchererako kumagwira ntchito ziwiri: kumalimbitsa chivindikiro, ndiponso kumachilumikiza ku waya wa ethi. Chikapanda kulumikizidwa chotero, chimawonjezera phokoso m'malo molichepetsa.

Apa ndi pamene pali ngozi. Chowotchera chofooka chimafuna kuchigwiritsa nthawi yaitali, ndipo kutenthako kumatha kusungunula pulasitiki ya makoyilo kapena kuwononga waya. Chowotchera champhamvu, cha mawati 40 kapena kuposapo, chimamaliza m'masekondi ochepa.

Pomaliza mmisiri amayeza pickup ndi mita yamagetsi. Ma humbucker akale a Gibson amaonetsa maohm pakati pa 7,000 ndi 9,000. Nambala ikafanana ndi imene anapeza asanayambe ntchito, ndiye kuti waya sunaduke, ndipo pickup ingabwezeredwe pa gitala.